Alenje a pansi pa khungwa

Caka ca 2024, pamene madzi anacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita m'mawa n'kubwela pakati pa usiku, ife tinaphunzila kukhala panja. M'nyumba munali kutentha, TV inali zii, ndipo moto wa mu foni tinali kuusunga monga ndalama yothela. Tinali atatu pa yadi ya ambuya ku Chilenje: awili obadwa mimba imodzi, na msuweni wathu amene anabwela kucokela ku Chipata kudzafuna malo pa koleji. Madzulo alionse tinali kutenga tumipando n'kukhala m'tsinde mwa bulugamu wamkulu amene malemu agogo aamuna anabyala kumbuyo kwa nyumba ife tisanabadwe.

Mtengo uja tinali kuudziwa pa zinthu zitatu cabe. Masamba ake anali kutilemetsa na kupyanga. Ambuya anali kuwilitsa masamba amodzimodziwo kuti tifukize cimfine cikatigwila. Ndipo makungwa ake, amene amasendeka okha n'kulendewela monga nsanza, anali abwino poyatsila mbaula. Kupitilila apo unali mtengo cabe.

Tsiku lina mu September, dzuwa litangolowa, msuweni wathu anakoka khungwa limodzi kuti ayatsile malasha. Pansi pake panatuluka tunthu tung'ono-tung'ono tothamangila uku na uku. Imwe mudziwa mmene tinakulila: ukaona kangaude, coyamba ni patapata, mafunso pambuyo. Tuwili tinatupha pamenepo. Kacitatu kanadziponya pansi, koma sikanafike pa dothi. Kanalendewela pa ulusi, n'kumazungulila pang'ono-pang'ono m'kuwala kwa tochi ya foni, kukamwa katanyamula cinthu cacitali kukaposa. Titayandikila tinaona kuti ni nyelele, ija yaikulu yakuda imene imabwela ku shuga usiku.

Tinayamba kutsutsana. Mmodzi anati nyelele ndiyo yagwila kangaude. Wina anati zonse ziwili zafa, zangokodwa mu ulusi. Ambuya anali khale pa mphasa, kutimvetsela. Kenako anangoti, “Kuona maso a nkhono n'kudekha. Imwe mwapha kale, manje mufuna kudziwa ciani?”

Mau aja anatilasa. Usiku wotsatila tinabwelela ku mtengo, patapata ali kumapazi.

Coyamba cimene tinapeza si kangaude, koma zotsala za cakudya cake. Pansi pa makungwa ena panali mitembo ya nyelele, yathunthu koma youma, yopepuka monga mankhusu, ina itakulungidwa na tuulusi. Akangaude ang'ono a mtundu uwu satafuna monga ife. Amathila madzi osungunula m'thupi mwa cimene agwila, n'kuyamwa zam'kati, cikopa n'kutsala. Conco ngati mwakweza khungwa n'kupeza zikopa za nyelele zokha-zokha, popanda mapiko a nchenche kapena a udzudzu, dziwani kuti mwafika pakhomo pa wodya nyelele, olo kuti mwiniwake sakuoneka.

Zimenezi n'zodabwitsa cifukwa nyelele si cakudya copepuka. Ili na zibwano zolimba. Zina zimaluma na mbola, zina zimapopela asidi. Ndiponso nyelele siyenda yokha: imodzi ikagwidwa imatulutsa fungo loitana zinzake. Aliyense amene anapondapo linthumbu adziwa zimene tikamba. N'cifukwa cake akangaude ambili, nyelele ikagwela mu ukonde wawo, amaisiya kapena kudula ulusi kuti igwe. Pa dziko lonse pali mitundu ya akangaude yoposa 50,000 imene inalembedwa kale maina, koma imene imadalila nyelele pa cakudya siifika olo umodzi pa 100 iliyonse. Kathu kaja kanali m'gulu locepa limeneli.

Malaiti atabwela tinachaja foni n'kuyamba kufufuza. Zimene tinapeza zinatitengela kutali, ku Australia, kumene kunacokela bulugamu. Kumeneko kuli kangaude wochedwa Euryopis umbilicata, wosapitilila mamilimita 6, amene masana amabisala pansi pa makungwa a bulugamu. Mu 2022, akatswili a pa Macquarie University ku Sydney anafalitsa zimene anaona atamujambula na makamela othamanga kwambili. Usiku amatuluka n'kukhala phee pa thunthu, mutu utayang'ana pansi. Nyelele yaikulu, yotalika pafupifupi kawili kumuposa, ikamadutsa, iye amailumphila mopidiguka n'kuimata ulusi wonanda na mendo akumbuyo. Zonsezi zimacitika mwamsanga kuposa kuphethila kwa diso. Akatelo amaizungulila-zungulila akuimanga, kenako amailuma, n'kuinyamula kukadyela pambali. Pa maulendo 100 amene walumpha, pafupifupi 85 amagwila. Nkhalamu za ku Luangwa, zimene alendo amalipila madola kuti akazione, zimalephela kambili kuposa mmene zimagwilila.

Kangaude wa ku Australia uja si amene anali pa yadi yathu. Bulugamu anabwela kuno monga mbewu, okhala m'makungwa ake anatsala kwawo. Koma mtundu wa Euryopis uli na abale m'maiko ambili, mu Africa momwe. Ndipo mtengo wosenda makungwa umamanga nyumba yofanana kulikonse kumene wabyalidwa: kamphako kopyapyala, kamdima, kouma, kumene mbalame siingaloze mlomo, pomwe pakhomo pake pamadutsa mseu wa nyelele. Nyelelezo zimakwela mtengo kukafuna madzi otsekemela amene tudoyo toyamwa masamba tumatulutsa. Nyumba yaulele, cakudya cobwela cokha. Akangaude a kuno anangosamukilamo.

Kwa milungu isanu na umodzi tinali kuyendela mtengo uja usiku uliwonse, ndipo tinaphunzila kusiyanitsa anayi. Maina a m'mabuku anali kutiluma lilime, conco tinawapatsa athu.

Woyamba tinamucha Wonamizila, ndipo ndiye anatiphunzitsa kuwelenga mendo. Uyu amayenda masana pakati pa nyelele, ndipo ukamuyang'ana mofulumila unganene kuti ni nyelele. Thupi lake n'loonda, lili na kaciuno pakati, ndipo mendo awili akutsogolo amawaimika m'mwamba n'kumawagwedeza monga tunyanga. Koma nyelele ili na mendo 6 na tunyanga tuwili, thupi lake lili m'zigawo zitatu. Kangaude ali na mendo 8, alibe tunyanga, thupi lake lili m'zigawo ziwili. Mukamuika cala patsogolo, Wonamizila amatembenuka n'kukuyang'anani na maso awili aakulu akutsogolo, ndipo akafuna kuthawa amalumpha kapena kutsika na ulusi, cinthu cimene nyelele siingacite. M'mabuku ni Myrmarachne, wa banja la akangaude olumpha. Cimene cinatiseketsa n'cakuti iye nthawi zambili sadya nyelele. Amavala nkhope yake cabe kuti mbalame na adani ena amene amapewa nyelele amupewe nayenso. Conco wofanana kwambili na nyelele si ndiye wodya nyelele.

Waciwili ndiye uja wa pa ulusi. Tinamucha Kamtima cifukwa mimba yake, mukaiyang'ana kucokela pamwamba, ni yotambalala kutsogolo n'kusongoka kumbuyo monga kamtima kamene mumatumizilana pa WhatsApp. Kukula kwake n'kocepela kanjele ka mpunga. Ni wakuda, wonyezimila pang'ono, ndipo ena ali na tumizele twa siliva pamsana. Mutu wake ni waung'ono koma wokwela. Cizindikilo cacikulu n'cakuti alibe ukonde wogwilila cakudya. Simudzamupeza pakati pa ukonde wozungulila monga wa akangaude a m'dimba. Masana amakhala pansi pa khungwa, usiku amakhala pa thunthu m'mbali mwa mseu wa nyelele, ndipo akagwila amakonda kulendewela nayo pa ulusi umodzi, kutali na thunthu, kumene zinzake sizingafike kudzailanditsa. Zizindikilo zonsezi n'za mtundu wa Euryopis. Kawili cabe m'milungu yonse ija tinaona kugwila kweni-kweni. Kulumpha kwake maso athu sanakuone. Tinangoona nyelele imene inali kuyenda bwino-bwino yayamba kukoka mwendo monga mbuzi yomangidwa, kanthu kakuda kakuizungulila.

Wacitatu tinamupeza pa mtengo, kenako tinazindikila kuti takhala naye m'nyumba moyo wathu wonse. Ni wamng'ono kwambili, mamilimita awili kapena atatu, wotuwa, mendo ake opindika atatambasuka mbali zonse monga kanyenyezi, ndipo dzina lake linakhala lomwelo, Kanyenyezi. Amamanga katenti kafulati ka ulusi, kocepela kandalama ka 50 ngwee, pa mng'alu wa khungwa kapena pa kona ya cipupa, ndipo kucokela pa katentiko pamatuluka tuulusi twa alamu. Nyelele ikagunda kamodzi, iye amatuluka n'kuithamangila mozungulila, kambili-mbili, akuiphimba na ulusi mpaka italephela kusuntha. Dzina la m'mabuku ni Oecobius. Pitani mukayang'ane m'makona a mawindo anu. Tumadontho twa fumbi tuja tumene mumapukuta pa Ciwelu, tumodzi mwa ito ni nyumba zake.

Wacinayi sakhala pansi pa khungwa koma pamwamba pake, ndipo ndiye wovuta kuona ngakhale kuti ni wamkulu kuposa onse. Ni wophwathalala, mtundu wake ni wa khungwa leni-leni, mendo ake ni aatali kupatulapo awili acitatu amene ni aafupi. Kumbuyo kwake kuli ziwalo ziwili zazitali zotulutsila ulusi, zooneka monga micila, conco anakhala Micila-iwili. M'mabuku ni Hersilia. Nayenso amazungulila cimene wagwila, ndipo nyelele amadya, koma sasankha: kalikonse koyenda pa thunthu n'kake. Tinamudutsa masiku ambili osamuona. Tinamuzindikila tsiku limene tochi inamuunika cam'mbali, cithunzi-thunzi ca mendo ake n'kugwela pa khungwa.

Pofika apo tinali titaona kuti mtundu wa thupi, kaya wakuda kaya wotuwa, suthandiza kwambili. Ana na akulu amasiyana, aamuna na aakazi amasiyana. Mafunso othandiza ni ena. Mwamupeza pati, pansi pa khungwa, pamwamba, kapena pa tsamba? Nthawi yanji? Ali na ukonde, katenti, kapena alibe ciliconse? Mimba yake ni yozungulila, yosongoka, kapena yophwathalala? Mukamusokoneza amalumpha, amathamanga, kapena amadziponya? Ndipo pakhomo pake pali zotsala za ciani? Mukayankha amenewa, mwayenda kale theka la ulendo.

Pojambula tinaphunzila kuika kamtengo ka machisi pambali kuti kukula kwake kuoneke, kutenga cithunzi cimodzi ca pamwamba na cina ca m'mbali, na kuunika tochi cam'mbali m'malo molunjika. Zithunzi tinali kuziika pa iNaturalist, kumene anthu odziwa a m'maiko osiyana-siyana amathandiza kupeza maina. Cithunzi ca foni cimakufikitsani pa banja, nthawi zina pa mtundu. Kuti afike pa dzina lothela, akatswili amayang'ana ziwalo zobelekela za kangaude wamkulu pa maikulosikopu, cifukwa tuakangaude twambili tumafanana kunja monga mapasa. Conco munthu akakuuzani dzina lonse atangoona kacithunzi kosaoneka bwino, musafulumile kumuombela m'manja.

Ngati mufuna kuyesako, mvelani izi. Khungwa muzikweza na kamtengo, osati na cala, cifukwa pansi pa makungwa pamakhalanso zinkhanila. Muzikweza lokha limene lasendeka kale, ndipo mukatsiliza mulibwezele, pakuti imeneyo ni denga la winawake. Anayi amene tachulawa alibe nchito na munthu. Amene muyenela kumudziwa bwino ni m'bale wake wa Kamtima, wa banja limodzi la Theridiidae, amene pa Cizungu amamucha button spider. Mimba yake ni yozungulila monga nsawawa, kunsi kwake kuli cizindikilo cofiilila cooneka monga ng'oma yoonda pakati. Wofala m'mayadi ni wotuwa, amene amamanga ukonde wosalongosoka kunsi kwa mipando, m'matayala akale na pansi pa mawindo, ndipo tumatumba twake twa mazila tuli na tuminga kuzungulila. Uyo musamugwile. Munthu akalumidwa n'kuyamba kumva kuwawa kwambili, kukokana kwa minofu kapena kutuluka thukuta, apite ku cipatala mwamsanga. Ife tinaona kuti kudziwa mmodzi woopsa kunatithetsela mantha pa ena onse.

Kuciyambi kwa November amalume anabwela na womanga nyumba. Anapima kumbuyo na tepi, n'kukhoma zikhomo. Anafuna kumanga zipinda ziwili za lendi, ndipo mtengo unayenela kupita mvula isanayambe. Zifukwa zawo zinali zomveka. Nthambi za bulugamu zimathyoka na mphepo, ndipo imodzi ikagwela pa malata atsopano ni nkhani ina. Mizu yake imamwa madzi ambili ndipo imafika patali. Koposa zonse, ndalama ya lendi ija ndiyo inali kudzalipila koleji ya msuweni wathu, yemwe uja amene anakoka khungwa loyamba.

Mmodzi wa ife anayesako. Anati, “Amalume, mu mtengo umu muli akangaude odya nyelele, osapezeka-pezeka.”

Amalume anamuyang'ana, anayang'ana mtengo, n'kufunsa kuti, “Nanga alipila zingati pa mwezi?”

Tonse tinaseka, na ambuya omwe. Panalibe coyankha. Sitingakunamizeni kuti tikanasankha akangaude m'malo mwa sukulu ya m'bale wathu. Koma kuseka kutatha tinakhala cete, cifukwa miyezi iwili kumbuyoko nkhani iyi sikanatikhudza olo pang'ono. Tikanathandiza kukoka cingwe, n'kukondwela kuti kupyanga kwatha.

Usiku wothela tinatenga katoni. Tinakweza makungwa osendeka limodzi-limodzi, mosamala, pamodzi na okhalamo, n'kukawamangilila na malegeni pa thunthu la mango kutsogolo kwa nyumba. Tinali kudziwa kuti mango sasenda makungwa monga bulugamu, ndipo nyumba zimene tinapacika zija sizidzakhala na zina zolowa m'malo zikawola. Tinacitabe. M'mawa anyamata a makina odulila anafika, ndipo mtengo umene unaima zaka zoposa 30 unagona pansi nsima ya masana isanapse. Ambuya sanatuluke m'nyumba tsiku limenelo. Pa mango tinaonako Kamtima mmodzi mlungu woyamba. Mvula itayamba makungwa aja ananyowa, ndipo sitinamuonenso.

Ife a mu tauni timadziwa maina ambili. Tingachule osewela onse a Arsenal na amene akhala pa benchi. Tingasiyanitse foni na foni poona cabe makamela akumbuyo. Koma tunthu tonse twa mendo 8 tili nato na dzina limodzi, kangaude, ndipo dzina limenelo limabwela pamodzi na patapata. Tuwili tuja tinatupha usiku woyamba sitinamve ciliconse. Kamtima wa pa mango atasowa, tinamufuna-funa na tochi masiku atatu. Cinasintha si kangaude. Tinali titakhala naye pansi nthawi yokwanila kumudziwa mmene amadyela, kumene amagona, na cimene amaopa.

Citsa sanacizule, cifukwa cinali kunja kwa maziko. Pofika mu February cinali citaphuka tunthambi twa masamba ofiilila, pakuti bulugamu akadulidwa amaphukanso. Padzapita zaka kuti tunthambi tuja tuyambe kusenda makungwa, ndipo n'kutheka kuti amalume adzatudula tusanafike pamenepo. Msuweni wathu anayamba koleji. M'zipinda zatsopano munalowa banja la mwana mmodzi, kamnyamata ka giledi 3.

Tsiku lina madzulo tinakapeza kataima pa windo la kwawo, patapata ali m'manja, kakuyang'ana pa kona ya cipupa cimene simenti yake ikali kununkha. Pamenepo panali katenti kafulati ka ulusi, ndipo m'munsi mwake munali kudutsa mzele wa tunyelele topita ku mbale zosatsuka.

“Yembekeza,” tinakauza. “Ika pansi iyo. Gwila tochi, uunike cam'mbali.”

“Niona ciani?” kanafunsa.

“Khala cabe phee. Iyo nyelele yakutsogolo, uiyang'ane bwino.”